Alangizi a Zaumoyo: Ntchito Imene Inabadwira mu Mliri

Pa 20 Malichi 2020, tsiku limene Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko la Malawi lili pa ngozi chifukwa cha Covid-19, kunalibe ngakhale munthu mmodzi amene anali atapezeka ndi kachilomboko m'dziko muno. Anthu atatu oyamba anapezeka pa 2 Epulo mumzinda wa Lilongwe. Masiku amenewo nkhani imene inali m'kamwam'kamwa inali ya makina othandiza kupuma ndi kuchepa kwa mabedi m'zipatala zikuluzikulu. Koma m'dziko limene anthu oposa 80 pa 100 alionse amakhala kumudzi, panali mafunso ena ofunika kuposa amenewo. Ndani akafike kwa nyakwawa kukafotokoza za matenda achilendowa? Ndani akalondole munthu amene wangofika kumene kuchokera ku South Africa? Nanga ndani akaime pa maliro n'kuuza anamfedwa kuti mwambo usinthe?

Munthu wake analipo kale. Amavala yunifolomu yabuluu, amayenda pa njinga yakapalasa, njingayo ikafa amayenda wapansi. M'mabuku a boma ndi HSA, pa wailesi ndi mlangizi wa zaumoyo, koma kumudzi amayi amangoti "adokotala". Aka sikanali koyamba kuti dziko limutsamire. Ntchito yakeyi inabadwira mu mliri, ndipo mliri uliwonse umene wadutsa m'Malawi wakhala ukumusenzetsa katundu wina pamwamba pa wakale.

Chiyambi chake ndi nthomba. Achinyamata a lero sayidziwa, koma agogo amene anakula m'zaka za m'ma 1950 amakumbukira nkhope zodzaza zipsera, ana ochita khungu ndi midzi imene anthu ankaopa kudutsamo. Mtundu woopsa wa nthendayi unkapha pafupifupi anthu atatu mwa khumi alionse amene yawagwira. M'zaka za m'ma 1960 boma, likadali ku Zomba, linalemba anthu aganyu oti azizungulira m'midzi kutemera anthu. Mu 1967 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalimbitsa nkhondo yothetseratu nthomba, ndipo posakhalitsa kunabwera kansingano kamphanda kamene kanafewetsa ntchito: wotemera ankakaviika m'katemera, kadontho n'kukodwa pakati pa nsonga ziwirizo, kenako n'kubaya kakhumi n'kasanu pamkono mofulumira. Ntchito yotere sinkalira dokotala. Inkalira munthu wa miyendo yolimba, wodziwa kulonjera mfumu ndi kudikira mpaka anthu abwere kumunda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 nthomba inatha m'Malawi, ndipo mu 1980 WHO inalengeza kuti yatha pa dziko lonse lapansi.

Ganyu akatha, waganyu amabwerera kwawo. Zikanatero, mbiri ino ikanathera pomwepa. Koma mu 1973 m'dziko muno munalowa matenda a kolera kwa nthawi yoyamba. Unali mliri umene unayambira ku Indonesia mu 1961 n'kufika mu Africa mu 1970. Munthu ankadzuka bwinobwino m'mawa, masana n'kuyamba kutsegula m'mimba ndi kusanza, pofika usiku maso alowa m'kati, thupi lauma. Unduna wa zaumoyo unaona kuti matenda obisala m'chitsime ndi m'dambo sungawagonjetse utakhala m'chipatala. Unakhazikitsa makomiti a zaumoyo m'midzi n'kulembanso anthu osakhazikika, amene pa Chingerezi ankatchedwa cholera assistants. Ntchito yawo inali yoyenda khomo ndi khomo kuona ngati pali chimbudzi, dzala ndi thandala, kuthira mankhwala m'zitsime, ndi kuthamangitsa uthenga kuchipatala pakangopezeka wodwala.

Mliriwo utazilala, boma silinawachotse. Linaona kuti lapeza maso ndi makutu m'midzi. Mu 1978 maiko anakumana ku Alma-Ata n'kugwirizana kuti chisamaliro choyambirira cha zaumoyo chizifika kumene anthu amakhala, ndipo chaka chotsatira Malawi anakhazikitsa ndondomeko ya katemera wa ana. Anthu aja anapatsidwa bokosi lozizira la katemera wa chikuku, poliyo, kafumbata ndi chifuwa chachikulu. M'zaka za m'ma 1980 dzina lawo linasintha kukhala Health Surveillance Assistants (HSA), koma panapita zaka zinanso, mpaka m'ma 1990, kuti awerengedwe ngati antchito okhazikika a boma. Tinene mosabisa: kwa zaka zoposa makumi awiri dziko linkadalira anthu amene silinkawalonjeza za mawa. Maphunziro awo anali a masabata ochepa chabe, ndipo pokwera pang'onopang'ono anadzafika pa masabata 12.

Kenako kunabwera Edzi.

Wodwala woyamba m'Malawi anapezeka mu 1985. Nthawi ya Kamuzu Banda nkhani zogonana sizinkakambidwa poyera, choncho matendawa anafala mwakachetechete, anthu akungoti kaliwondewonde kapena "wadwala nthawi yaitali". Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mwa akuluakulu khumi alionse, mmodzi kapena kuposerapo anali ndi kachilombo. M'mbali mwa misewu ya m'tauni akalipentala anasiya mipando n'kuyamba kukhoma mabokosi. M'zipatala odwala ankagona pansi, ena kunsi kwa bedi la mnzawo.

Mliri umenewu unali wosiyana ndi nthomba ndi kolera pa chinthu chimodzi chachikulu: kwa zaka pafupifupi makumi awiri, wogwira ntchito zachipatala analibe choti apereke. Wotemera nthomba anali ndi kansingano kake. Wolimbana ndi kolera anali ndi klorini ndi madzi a mchere ndi shuga. Koma mlangizi wolowa m'nyumba ya wodwala Edzi mu 1998 ankalowa chimanjamanja. Ankaphunzitsa wosamalira wodwala kutsuka zilonda, kutembenuza wodwalayo kuti asanyuke, kumwetsa phala pang'onopang'ono. Akatuluka ankadziwa kuti ulendo wotsatira udzakhala wa kusiwa. Ndipo matendawa sankasiya a yunifolomu. Anamwino, madokotala aang'ono ndi alangizi omwe ankadwala ndi kumwalira ngati wina aliyense, pamene otsala ankalera ana amasiye a abale awo ndi malipiro omwe aja osakwanira mwezi. Anamwino ambiri odziwa ntchito anapita ku Britain kukafuna moyo wina, ndipo palibe amene angawadzudzule ataona mmene zinthu zinalili. Pofika 2004 m'zipatala za boma munali madokotala ochepa kwambiri.

Pakati pa zonsezi, m'nyengo ya njala ya 2001 mpaka 2002, kolera anabukanso n'kugwira anthu oposa 33,000, pafupifupi 1,000 n'kumwalira.

Zinthu zinatembenuka mu 2004. Kumayambiriro kwa chakacho Pulezidenti Bakili Muluzi ananena poyera kuti m'bale wake anamwalira ndi Edzi. Chaka chomwecho, ndi ndalama za Global Fund, boma linayamba kupereka ma ARV aulere. Koma mankhwala sadzigawa okha. Boma linayambitsa ndondomeko yapadera yochulukitsa antchito a zaumoyo, mothandizidwa ndi dziko la Britain ndi Global Fund: madokotala, anamwino ndi magulu ena, onse pamodzi 11, anawonjezeredwa 52 peresenti pa malipiro awo, ndipo alangizi a zaumoyo anachuluka kuchoka pa 4,900 mu 2004 kufika pa 10,500 mu 2009. Ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, kumene bungwe la Médecins Sans Frontières linkagwira ntchito ndi unduna, kunaoneka kuti ntchito zambiri zimene kale ankati n'za dokotala yekha zingathe kutsikira kwa namwino, ndipo za namwino n'kutsikira kwa mlangizi. Alangizi anayamba kuyeza magazi, kupereka uphungu, kutolera makhololo okayezetsa chifuwa chachikulu ndi kulondola kunyumba anthu amene asiya kumwa mankhwala. Mu 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo pa mankhwala a moyo wake wonse, njira yotchedwa Option B+ imene maiko ambiri anadzatengera. Mayi wotero akapanda kuoneka kuchipatala, wopalasa njinga kukamufuna anali yemwe uja wa yunifolomu yabuluu.

Kulondola munthu amene wasiya mankhwala si ntchito yamasewera. Mlangizi amakhala m'dera lomwelo, amatunga pa mjigo womwewo, ana ake amaphunzira sukulu imodzi ndi ana a wodwalayo. Akaimika njinga pakhomo pa munthu, mudzi wonse waona. Amayenera kupeza chifukwa china chofikira, kaya kuona chimbudzi kapena kufunsa za katemera wa mwana, kuti chinsinsi cha mwini nyumba chisaululike. Luso limeneli silinkakwana m'masabata 12 a maphunziro. Analiphunzira pa ntchito, ndipo ndi limene linasunga miyoyo ya anthu ambiri amene lero akulera zidzukulu.

Mu 2008 katundu anawonjezekanso. Boma linatsegula zipatala za m'mudzi m'madera akutali ndi chipatala, zoti alangizi azithandiza ana osapitirira zaka zisanu. Amene sanaonepo asayembekeze nyumba ya malata yopaka laimu. Nthawi zambiri ndi khonde la nyumba ya mlangiziyo, kachipinda ka tchalitchi kapena mthunzi wa mtengo wa mango. Sikelo imapachikidwa pa nthambi, mwana n'kulowetsedwa m'kabudula wa nsalu kapena m'chitenje, akulira, miyendo ili lendelende. Pambali pali bokosi la mankhwala: LA wa malungo, Thanzi ORS ndi zinki za kutsegula m'mimba, mankhwala a chibayo. Mwana akabwera akutsokomola, mlangizi amavundukula kachifuwa n'kuwerenga mpweya kwa mphindi imodzi yathunthu, maso ali pa nthiti. Khanda la miyezi iwiri mpaka chaka likafika pa 50, kapena mwana woposa chaka akafika pa 40, ndiye kuti ndi chibayo. Kenako amakulunga kalamba ka mitundu itatu pamkono wa mwanayo. Kakagwera pofiira, kunsi kwa masentimita 11.5, mayi amauzidwa kuti mwana wanyentchera, apite naye kuchipatala kuti akayambe kulandira chiponde. Mu 1990, mwa ana 1,000 alionse obadwa m'Malawi, 247 ankamwalira asanafike zaka zisanu. Pofika 2013 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 71. Zifukwa zake ndi zambiri, masikito ndi katemera ndi ma ARV, koma zonsezo zinafika kumudzi kudzera m'manja omwewa.

Uyu ndiye munthu amene Covid-19 inamupeza mu 2020: wotopa kale, koma wodziwa dera lake nyumba ndi nyumba.

Masabata oyamba anali a mantha enieni. M'zipatala munalibe masiki ndi magolovesi okwanira, ndipo alawansi ya ntchito yoika moyo pa chiswe inali K1,800 pa mwezi. Mu Epulo madokotala ndi anamwino, kuyambira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ananyanyala ntchito. Ena ankati akuthawa nkhondo, koma iwo sankathawa. Ankafuna zodzitetezera kuti asafe ndiponso asatengere matenda kwa ana awo. Boma linakweza alawansiyo kufika pakati pa K20,000 ndi K60,000 n'kulonjeza kulemba antchito ena 2,000. M'masiku omwewo khoti lalikulu linaletsa m'bindikiro wa masiku 21 umene unayenera kuyamba pa 18 Epulo, ndipo dziko linapitiriza misika, mapemphero ndi misonkhano ya ndale mpaka chisankho cha pa 23 Juni. Tanthauzo lake linali lakuti chitetezo cha anthu sichikanachokera ku lamulo lotseka zitseko. Chinatsalira pa kukambirana, munthu ndi munthu.

Alangizi anaima pa zipata za Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe ndi makina oyezera kutentha kwa thupi. Mabasi odzaza ndi Amalawi obwerera kuchokera ku South Africa atayamba kufika mu Meyi, ndipo anthu mazana atathawa pa Kamuzu Stadium asanamve zotsatira zawo, ntchito yowafufuza m'midzi inagwera iwo. Ankapita kukapempha munthu amene wakhala zaka osaona kwawo kuti akhale payekha masiku 14, asagwirane chanza ndi abale amene abwera kudzamulonjera. Ankaphunzitsa kukonza mpondagiya pakhomo. Ena pobwerera kwawo ankakanizidwa kukwera minibasi chifukwa cha yunifolomu, ndipo m'tauni ena anauzidwa ndi eni nyumba kuti asamuke.

Chowawa kwambiri chinali maliro. Kwa Mmalawi, kusambitsa thupi, kugona pa siwa, kuona nkhope ndi kuperekeza m'bale kumanda si zinthu zoti n'kungodumpha. Tsono kubwere galimoto ndi anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, thupi lili m'thumba la pulasitiki, adzukulu auzidwe kuti aime patali. Mkwiyo wa anamfedwa unkagwera amene ali pafupi, ndipo amene anali pafupi anali mlangizi, amene mawa lake ankayenera kukumananso ndi anthu omwewo kusikelo. M'maboma ena antchito a zaumoyo anagendedwa ndi kumenyedwa pa maliro. Kukayikira kotereku sikunayambe ndi Covid. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinachititsa kuti aliyense wonyamula singano aziyenda mwamantha.

Mu Januwale 2021 mliri unabwera ndi mphamvu zina. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Mpweya wa okosijeni unasowa, Bingu National Stadium inasanduka chipatala, ndipo antchito a zaumoyo ambiri anadwala, ena n'kumwalira. Posapita nthawi kunamveka kuti pa ndalama zokwana K6.2 biliyoni zolimbanirana ndi mliriwu, zambiri zinathera m'maalawansi ndi m'zinthu zosalongosoka, mpaka Pulezidenti Lazarus Chakwera anachotsa nduna ya zantchito. Nkhaniyi inapweteka dziko lonse, koma tangoganizani mmene inamvekera m'makutu a munthu amene ankachapa masiki imodzi kuti aivalenso mawa.

Katemera woyamba, wokwana 360,000, anafika pa 5 Malichi 2021, ndipo Pulezidenti Chakwera anabayitsa pa 11 Malichi ku Zomba. Koma mabodza anali atafika kale m'midzi kudzera pa WhatsApp: ati katemerayu ndi 666, ati amatseka mimba, ati wobayitsa amwalira pakapita zaka ziwiri. Mu Meyi boma linawotcha katemera 19,610 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Zinaonekeratu kuti kudikira anthu pa chipatala sikuthandiza. Katemera anayamba kuyenda yekha kupita kwa anthu, pa magalimoto a zimkuzamawu, m'misika, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, khomo ndi khomo. Pamene munthu ankatambasula mkono, nthawi zambiri sichinali chifukwa cha uthenga wa pa wailesi. Chinali chifukwa chakuti wogwira jakisoniyo ndi yemwe uja anatemera ana ake onse, ndipo anawo ali moyo.

Covid isanathe, mu Febuluwale 2022, boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, patatha zaka 30 nthendayi isakuoneka m'dziko muno. Alangizi ndi anthu odzipereka anayendanso nyumba iliyonse, maulendo angapo, kudontheza madontho awiri m'kamwa mwa mwana aliyense, kupaka inki pa kachala ndi kulemba choko pa chitseko. Mwezi wotsatira, namondwe wa Ana atagwetsa zimbudzi ndi kuipitsa zitsime, kolera anayamba ku Machinga. Sanathe ndi dzinja monga mwa nthawi zonse. Anadutsa chilimwe chonse, nafalikira m'maboma onse, kugwira anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700. Unali mliri wa kolera woopsa kuposa wina uliwonse m'mbiri ya dziko lino. Zidzukulu za ntchito ya 1973 zinabwerera ku chiyambi: kusungunula klorini m'ndowa, kugawira amayi m'mabotolo n'kuwauza kuti akathira m'madzi adikire theka la ola asanamwe, kupopera m'nyumba za odwala, kugona m'matenti a odwala usiku wonse. Apanso kunabuka mphekesera zakuti achipatala ndi amene akufalitsa matendawa, ndipo kumayambiriro kwa 2023 zipatala zina, monga cha Area 25 ku Lilongwe, zinaphwanyidwa ndi anthu okwiya. Mu Febuluwale Pulezidenti Chakwera anakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera kwa Mgona. Mu Malichi namondwe wa Freddy anakokolola midzi ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, anthu oposa 600,000 n'kusowa pokhala. M'misasa ya anthu othawa madzi, ena mwa ogawa klorini anali alangizi amene nyumba zawo zomwe zinapita ndi madzi.

Miliri itatu ndi namondwe m'zaka zitatu, anthu ake omwewo.

Kupirira kwawo n'koona ndipo n'koyenera ulemu. Koma mbiri iyi ikuonetsanso kuti dziko lazolowera kukutamanda kupirirako m'malo mochepetsa katundu. Ndondomeko ya boma ya zaumoyo wa m'midzi ya 2017 inkafuna kuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, koma ambiri amayang'anira oposa pamenepo, ena kuwirikiza. Ambiri sakhala m'dera limene amagwirako ntchito chifukwa kulibe nyumba yoti akhalemo, choncho mwana akatentha thupi usiku, bokosi la mankhwala limakhala lotseka. Njinga zambiri zinaperekedwa ndi mabungwe, ndipo zikawonongeka mwini wake amakonzetsa ndi ndalama za m'thumba. Mbali yaikulu ya ntchitoyi yakhala ikuyenda ndi thandizo lakunja, limene mu 2025 linachepa kwambiri dziko la America litadula ndalama zake. Mu Epulo chaka chomwecho ku Lilongwe kunapezeka matenda a mpox, ndipo ofufuza amene anakhudzana ndi odwalawo anafunikanso.

Aphungu a Nyumba ya Malamulo akamakambirana bajeti, makhansala akamagawa ndalama za chitukuko, mafumu akamasankha choti mudzi uumbire njerwa, nyumba ya mlangizi wa zaumoyo ndi kachipinda kake koonera ana zikhale pa mndandanda. Magolovesi, masiki ndi klorini zifike kwa iye mliri usanayambe, osati anthu atayamba kale kuikidwa m'manda. Ndipo inu amene mumakhala naye m'mudzi, tsiku limene mphekesera idzabwerenso pa foni yanu yoti iyeyo ndiye akubweretsa matenda, katengeni kabuku ka kusikelo ka mwana wanu, muone amene analembamo, musanatole mwala.